Kafue: ndalama za chitukuko zachuluka, koma nyumba zotsika mtengo sizikuoneka

Ndalama zomwe boma lalikulu la Zambia limatumiza ku Kafue kudzera m'thumba la chitukuko cha madera a aphungu zakwera kwambiri kuyambira chaka cha 2022. Thumbali, lomwe limatchedwa Constituency Development Fund kapena CDF mwachidule, linali K1.6 miliyoni pa dera lililonse mu 2021. Nduna ya zachuma, a Situmbeko Musokotwane, analikweza kufika pa K25.7 miliyoni mu bajeti ya 2022, ndipo pofika 2025 linali pa K36.1 miliyoni.

Munthu wolipira lendi ya chipinda chimodzi ku Zambia Compound, ku Shikoswe kapena ku Soloboni ali ndi chifukwa chofunsira kuti: ngati ndalama zachuluka chotere, bwanji khonsolo simanga nyumba zoti anthu osauka angakwanitse? Yankho lake lili pawiri. Malamulo a thumbali sanalembedwe kuti lizimangira mabanja nyumba, ndipo ngakhale akanalola, ndalamazo sizikanafika patali. Komabe pali zambiri zokhudza malo okhala anthu zomwe ndalamazi zingachite, ndipo kuti timvetse bwino tiyenera kuyamba ndi mbiri ya tauniyi, chifukwa Kafue ndi imodzi mwa matauni ochepa m'Zambia omwe boma linamangadi nyumba zambiri nthawi imodzi.

Tauni yomangidwa ndi boma

Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa mzinda wa Lusaka, pomwe njanji ndi msewu waukulu zimawolokera mtsinje wa Kafue. Mlatho wa njanji unamangidwa mu 1906, ndipo kwa zaka zambiri malowa anali siteshoni ya sitima yokhala ndi timasitolo tochepa, asodzi ndi alimi a m'mafamu ozungulira.

Zinthu zinasintha dziko litalandira ufulu mu 1964, makamaka boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia litadzilengeza lokha kuti ndi loima palokha mu 1965. Boma la Dr Kenneth Kaunda linaona kuti n'koopsa kudalira katundu wochokera kumwera, choncho kudzera m'bungwe la INDECO linasankha Kafue kuti pakhale mafakitale. Madzi analipo, njanji inalipo, ndipo magetsi a ku Kafue Gorge anali m'njira. Kampani ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, Kafue Textiles of Zambia inkaluka nsalu ndi zitenje, ndipo kampani ya Bata inali ndi fakitale yofufuta zikopa.

Antchito a m'mafakitalewa ankafunika pogona. Akatswiri a kampani ya ku Greece ya Doxiadis Associates anajambula pulani ya tauni yatsopano, ndipo pamalo pomwe panali tchire panamangidwa Kafue Estates: nyumba za m'mizere, misewu ya tala, mapaipi a madzi akumwa ndi mapaipi ochotsa zonyansa. Chofunika kuchikumbukira n'chakuti nyumbazi zinkabwera ndi ntchito. Wolembedwa pa fakitale ankapatsidwa kiyi. Ntchito ikatha, kiyi ankabweza. Wogulitsa nsomba, mmisiri wa matabwa, mayi wophika mowa, kapena mnyamata wobwera kudzafuna ganyu analibe gawo m'pulaniyo. Anthu otere anaumba njerwa zawo n'kumanga m'mphepete mwa tauni, ndipo makomboni anakula popanda mapaipi ndi ngalande. Kuyambira pachiyambi penipeni, Kafue inali matauni awiri okhala moyandikana.

Boma linazindikira vutoli m'dziko lonse. Mu 1971 linakhazikitsa bungwe la National Housing Authority, ndipo mu 1974 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lolola makhonsolo kuzindikira makomboni ena ngati malo ovomerezeka, n'kupatsa eni nyumba chilolezo chokhalapo kwa zaka 30. M'chaka chomwecho Banki Yaikulu Padziko Lonse inapereka ngongole yokonzera makomboni a George, Chawama, Chaisa ndi Chipata mu Lusaka. Kumeneko boma silinagwetse nyumba za anthu kuti limange zake. Linabweretsa madzi, misewu ndi sukulu, n'kubwereketsa anthu zipangizo kuti akonze okha nyumba zawo. Njira imeneyi tibwereranso kwa iyo.

Chaka cha 1996

Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, boma linasowa ndalama zomangira nyumba zatsopano. Chipani cha MMD chitalowa m'boma mu 1991, misika inatsegulidwa, nsalu zotchipa zakunja ndi salaula zinadzaza m'dziko, ndipo mafakitale a boma anayamba kufooka. Fakitale ya nsalu ya ku Kafue inazima m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo ya feteleza inakhala zaka zambiri ikugwira ntchito yochepa poyerekeza ndi kale. Mabanja ambiri anatsala opanda malipiro, ena akudikira ndalama zawo zopumira pantchito kwa zaka.

Mu 1996 zinthu ziwiri zinachitika. Boma linatulutsa ndondomeko ya dziko yokhudza nyumba, yomwe inkati K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku ntchito za nyumba. Ndondomekoyi inayamikiridwa ndi bungwe la United Nations, koma mlingo umenewo sunakwaniritsidwe. M'chaka chomwecho, chomwe chinalinso cha chisankho, Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa omwe ankakhalamo, ndipo pambuyo pake nyumba zambiri za boma ndi za makampani a boma zinatsatira. Zina, makamaka zakale, zinapita pamtengo wotsika kwambiri.

Banja lomwe linagula nyumba nthawi imeneyo silingadandaule, ndipo palibe chifukwa cholinyozera: kwa ambiri nyumbayo ndiyo chuma chokha chomwe anasiyira ana. Koma khonsolo inataya lendi yomwe inkalandira mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama za malondawo sizinamange nyumba zina zolowa m'malo. Amene anabadwa pambuyo pa 1996 anapeza nyumba zonse zili ndi eni ake. M'zaka zomwezo makhonsolo analandidwanso njira zina zopezera ndalama. Lamulo la 1997 linatsegula njira yoti ntchito ya madzi ipite ku makampani apadera, ndipo ku Kafue ntchitoyi inadzakhala m'manja mwa kampani ya madzi ya Lusaka. Msonkho wa mbewu unathetsedwa mu 2009. Msonkho womwe wantchito aliyense amapereka ku khonsolo unakhala zaka zambiri osapitirira K15 pachaka. Khonsolo yomwe ikulephera kulipira antchito ake singaganize zomanga nyumba.

Mmene ndalama za ku Lusaka zimagawidwira

Pofuna kutseka dzenje limeneli, boma linayambitsa mu 2015 thumba la Local Government Equalisation Fund, lomwe linkayenera kulandira 5 peresenti ya msonkho wa pa malipiro ndi phindu. Pamene linkayamba, lamulo linkati gawo limodzi mwa magawo asanu lizipita ku zomangamanga, koma gawo lalikulu lakhala likuthera pa malipiro a antchito ndi kayendetsedwe ka maofesi. Choncho maso a anthu ali pa CDF.

Thumba la CDF si lachilendo. Linakhazikitsidwa mu 1995, ndipo mu 2006 linali K60 miliyoni ya ndalama zakale, yomwe ndi K60,000 chabe tikachotsa maziro atatu monga zinachitikira mu 2013. Kwa nthawi yaitali linkangokwanira kukhoma malata pa kalasi imodzi kapena kukumba mijigo ingapo. Lero limatchulidwa m'malamulo oyendetsera dziko omwe anakonzedwanso mu 2016, ndipo ndalama zake zimasungidwa ndi kuyendetsedwa ndi khonsolo, osati phungu.

Malangizo omwe anatuluka mu 2022 anagawa ndalamazi motere. Poyamba amachotsa 5 peresenti ya kayendetsedwe ka ntchito. Pa zotsalazo, K60 pa K100 iliyonse imapita ku ntchito za gulu monga makalasi, zipatala zing'onozing'ono, misika, milatho ndi madzi. K20 imapita ku thandizo ndi ngongole za magulu a amayi, achinyamata ndi makopaletivi. K20 yotsalayo imalipirira ana osauka ku sukulu za sekondale zogonera komweko ndi ku sukulu za ntchito zamanja. Pa K25.7 miliyoni ya 2022, gawo la ntchito za gulu linali pafupifupi K14.6 miliyoni.

Mawu akuti ntchito za gulu ndiwo mfundo yaikulu. Chomangidwa ndi gawoli chiyenera kupindulira anthu ambiri, osati khomo limodzi. Nyumba zomwe CDF yamanga m'madera ambiri ndi za aphunzitsi ndi anamwino, pafupi ndi sukulu kapena chipatala, chifukwa popanda nyumbayo wantchitoyo sangakhazikike. Kuwonjezera apo, boma lalikulu lakhala likulamula zina zoti zigulidwe kuchokera m'thumba lomwelo, monga madesiki a ana asukulu, galimoto za apolisi, maambulansi ndi zipinda zochiriramo amayi. Zonsezi n'zofunika, koma zimachepetsa ndalama zomwe anthu a m'dera angasankhire okha ntchito yake.

Tsopano tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti nyumba yaing'ono ya mabuloko, yokhala ndi madzi ndi chimbudzi, ingadye K300,000. Khonsolo ikanati itenge K14.6 miliyoni yonse ya 2022, osamanga kalasi ngakhale imodzi, ikanamanga nyumba zosakwana 50. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 200,000 m'boma la Kafue, ndipo pa chisankho cha 2021 onsewa anali m'dera limodzi la phungu, kuyambira ku Shimabala, kudzera m'tauni ndi ku Chanyanya, mpaka ku Chiawa m'mphepete mwa Zambezi. Nyumba 50 pakati pa anthu ochuluka chotere zikanangoyambitsa mkangano wa yemwe ayenera kulowamo. M'dziko lonse boma lakhala likunena kuti nyumba zoperewera ndi pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo chiwerengerochi chikhoza kupitirira 3 miliyoni pofika 2030.

Zomwe ena anayesa

Maiko ena anayesa njira zosiyana. Dziko la South Africa linayamba mu 1994 kumanga nyumba zaulere za anthu osauka, zomwe ambiri amazidziwa kuti nyumba za RDP, ndipo lamanga mamiliyoni; koma chuma chake n'chachikulu kangapo kuposa cha Zambia, ndipo mndandanda wa odikira sunathe. Ku Malawi boma la Pulezidenti Peter Mutharika litalowa mu 2014 linayambitsa ndondomeko ya simenti ndi malata otsika mtengo, yomwe inavutika ndi kubweza kwa ngongole komanso madandaulo a kasankhidwe ka opindula.

Chitsanzo cha ku America chili ndi phunziro lina. Kumeneko boma lalikulu limapatsa mizinda ndalama za Community Development Block Grant kuyambira 1974, ndipo mu 1990 linawonjezera thumba lina lotchedwa HOME, la nyumba zokhazokha. Lamulo limati 70 peresenti ya ndalama za thumba loyambalo izipindulira anthu opeza zochepa, ndipo mzinda uyenera kulemba pulani ya zaka zingapo n'kuitanitsa anthu kuti anenepo maganizo awo usanalandire ndalama. Chomwe tikuonapo n'chakuti anasiyanitsa thumba la zosowa za dera ndi thumba la nyumba. Makhonsolo a m'Zambia ali ndi loyambalo, lachiwirilo alibe.

Pansi pa nyumba

Nyumba si makoma ndi denga zokha. Ambiri mwa anthu a m'makomboni a Kafue anamanga kale nyumba zawo, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, malinga ndi mmene thumba la simenti lapezekera. Ku banki sapitako, popeza chiwongoladzanja chakhala chikupitirira 20 peresenti ndipo banki imafuna chikalata cha umwini wa malo ndi umboni wa malipiro a pamwezi. Chomwe munthu sangathe kuchita yekha ndi kuika paipi yaikulu ya madzi, kukumba ngalande yotulutsa madzi a mvula m'komboni yonse, kapena kutsegula msewu woti ambulansi idutse. Apa ndipo pamene CDF ingagwire ntchito ya nyumba popanda kumanga nyumba, monga momwe zinachitikira ku George ndi ku Chawama m'zaka za m'ma 1970.

Nkhani ya madzi ku Kafue ndi yomvetsa chisoni mwapadera. Pamalo otchedwa Iolanda, pafupi ndi tauniyi, ndi pomwe amapopa ndi kuyeretsa madzi ambiri omwe anthu a mu Lusaka amamwa. Ntchito ya Kafue Bulk Water Supply, yomwe inadya madola 150 miliyoni a ku America, ambiri mwa iwo a ngongole yochokera ku China, inawonjezera malita 50 miliyoni patsiku opita ku likulu. Paipi imachoka ku Kafue kupita kumpoto, pamene mabanja ena okhala pafupi ndi mtsinje womwewo amatunga pa mipopi ya gulu kapena m'zitsime zosaya zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Ku Kafue Estates mapaipi a zonyansa anaikidwa zaka zoposa 50 zapitazo, kuti atumikire anthu ochepa kuposa omwe alipo tsopano. Mliri wa kolera womwe unabuka mu Okutobala 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse n'kupha oposa 700, ambiri a iwo m'chigawo cha Lusaka, ndipo sukulu sizinatsegulidwe mpaka mu Febuluwale 2024. Matenda amenewa amayenda ndi madzi osefukira m'zimbudzi, ndipo sasankha nyumba ya lendi kapena ya mwini.

M'kuona kwathu, K14.6 miliyoni yomwe singamange nyumba 50 ikhoza kusintha moyo wa mabanja ochuluka kwambiri ikapita ku ngalande, matanki a madzi ndi zimbudzi za pamisika. Vuto n'lakuti ngalande siioneka bwino pa chithunzi cha tsiku lodula riboni monga imaonekera kalasi yopakidwa penti, ndipo andale a zipani zonse amadziwa zimenezi.

Magawo awiri ena a CDF amakhudzanso nyumba, ngakhale mozungulira. Mnyamata kapena mtsikana wolipiriridwa maphunziro a zomangamanga, ukalipentala kapena kulumikiza mapaipi ndiye mmisiri yemwe komboni idzamufune mawa. Kopaletivi yolembetsedwa ikhoza kupempha ngongole ya makina oumbira mabuloko. Koma malipoti a mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka ndalama za boma asonyeza kuti m'madera ambiri a dziko lino ngongole za CDF sizibwezedwa mokwanira, ndipo ngongole yosabwezedwa ndi ndalama yomwe gulu lotsatira silidzaiona.

Malo

Chomwe chimakweza mtengo wa nyumba ku Kafue kuposa simenti ndi malo. Popeza Lusaka yadzaza, anthu ambiri ogwira ntchito kumeneko akugula mapuloti m'mbali mwa msewu wa Kafue, ndipo mitengo imatsata matumba awo, osati thumba la msodzi wa ku Chanyanya. Malinga ndi lamulo la malo la 1995, malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo khonsolo imagawa mapuloti ngati nthumwi chabe ya mkulu woona za malo ku unduna. Kunja kwa tauni kuli malo a mafumu, a Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II ndi a ufumu wa Chiawa, omwe sangasinthidwe kukhala a chikalata popanda chilolezo cha mfumu.

Kagawidwe ka malo kabweretsa mavuto m'makhonsolo ambiri. Mu 2020 boma linaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe chifukwa cha nkhani za kugawa malo mosatsata malamulo, ndipo mu 2022 nduna ya maboma aang'ono ya nthawiyo, a Gary Nkombo, anaimitsa khonsolo ya Kafue kwa miyezi itatu pa nkhani yofanana nayo. Puloti ikagawidwa mwachinyengo imapita kwa wokhala ndi ndalama, ndipo kawirikawiri imakhala pamalo opanda msewu, opanda madzi, nthawi zina pamalo odikha madzi. Pakapita zaka khumi, khonsolo yomweyo imayenera kuwononga ndalama za CDF kukonza zomwe zikanapewedwa.

Lamulo lomwelo la 1995 linakhazikitsa thumba lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri, la Land Development Fund. Khonsolo ikhoza kupempha ndalama m'thumbali kuti itsegule malo atsopano, kuyeza mapuloti ndi kulambula misewu anthu asanayambe kumanga. Lamulo la mapulani a matauni la 2015, lomwe linalowa m'malo mwa la 1974, limalolabe khonsolo kuzindikira komboni ndi kupereka zilolezo zokhalapo. Munthu wokhala ndi pepala lotere amalimba mtima kuthira konkire, chifukwa sakuopanso kuti tsiku lina adzadzuka n'kupeza thirakitala pakhomo.

Mabungwe omwe si a boma anayesa mbali yawo. Bungwe la Habitat for Humanity linayamba ntchito zake m'Zambia mu 1984 pakati pa mabanja a asodzi a ku chilumba cha Kabuyu, kufupi ndi Chanyanya, m'boma lomweli la Kafue. Njira yake inali yoti banja ligwire nawo ntchito yomanga nyumba yake. Ntchito zotere zimathandiza omwe zawafika, koma zimadaliranso malo ovomerezeka ndi madzi, zomwe ndi udindo wa khonsolo.

Njira ya pempho

Ntchito ya CDF siyambira mu ofesi ya phungu, ngakhale ambiri amaganiza choncho. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linakhazikitsa komiti ya chitukuko m'wodi iliyonse, yokhala ndi nthumwi zosankhidwa ndi anthu a m'zigawo zing'onozing'ono za wodiyo pamodzi ndi khansala. Anthu amakumana, n'kugwirizana chosowa chawo chachikulu, n'kulemba pempho. Komiti ya wodi imasanja mapemphowo n'kuwatumiza ku komiti ya CDF ya dera lonse, momwe muli phungu, makhansala ena, nthumwi ya mafumu ndi oimira magulu a anthu. Mainjiniya ndi a mapulani a khonsolo amayendera malowo n'kuwerengera mtengo. Poyamba mndandanda womaliza unkayenera kuvomerezedwa ndi nduna ku Lusaka, zomwe zinachedwetsa ntchito zambiri mu 2022 moti ndalama zinagona m'mabanki. Pambuyo pake mphamvuyi inaperekedwa kwa akuluakulu a unduna a m'zigawo. Zikatero khonsolo imaitanitsa makontirakitala, ndipo malangizo amati a m'dera lomwelo ayambe kuganiziridwa.

Pa sitepe yoyamba ija m'pamene anthu a lendi amagwera. Misonkhano ya wodi imachitika masana, nthawi yomwe mayi wogulitsa pamsika ndi bambo wokwera basi ya m'mamawa kupita ku Lusaka sangapezeke. Obwera amakhala eni nyumba ndi omwe ali pafupi ndi atsogoleri, ndipo mndandanda umatuluka ndi zofuna zawo. Komiti ya CDF singavomereze ngalande ya ku Zambia Compound ngati pempho lake silinachoke ku wodi.

Nthawi nayonso ili ndi mbali yake. Chaka cha ndalama za boma chimayamba mu Januwale, mvula ili pakati, ndipo ntchito yokumba imatheka bwino kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Pempho la ngalande lomwe lachedwa kuvomerezedwa, kapena lomwe kontirakitala wake wapezeka mu Seputembala, limakumana ndi mvula ya Novembala ntchito ili pakati, ndipo dzenje losamalizidwa limadzaza madzi pakhomo pa anthu omwe analipempha mpaka mwezi wa Epulo.